Mfuti Yokhalitsa ndi Zipolopolo: Kodi Sipuling'i Imatopa?

Pakati pa anthu amene Boma linawapatsa udindo wa kusunga mfuti, monga apolisi, asilikari ndi alonda a nkhalango, pali funso limodzi limene lakhala likukambidwa kuyambira masiku a King's African Rifles kufikira lero. Funsolo nlakuti: kodi magazini, ndiko kunena kabokosi kolowamo zipolopolo, ikakhala yodzaza kwa miyezi kapena zaka, sipuling'i ya m'kati mwache imafooka? Ena amanenetsa kuti imafooka ndithu, ndipo amakhuthula zipolopolo madzulo ali onse kuti chitsulo chipume. Ena amati kukhuthulakhuthula kumeneko ndiko kumene kumaononga.

Kwa kalaliki wa mu ofesi kapena mphunzitsi wa sukulu, mtsutso umenewu ungaoneke ngati wa eni mfuti okha. Koma m'boma la Mulanje nkhaniyi ikhudza anthu ambiri pa zifukwa ziwiri. Choyamba, bomali lili m'malire a Mozambique, lili ndi chipata cha Muloza, ndiponso nkhalango ya phiri imene inaikidwa pansi pa lamulo m'chaka cha 1927. Amene alonda malo amenewa amagwira zida zogulidwa ndi ndalama za msonkho, ndipo zidazo zikaonongeka msanga ndi dziko limene litaya. Chachiwiri, nkhondo ya ku Mozambique inasiya mfuti zambiri m'nthaka, ndipo munthu wokhulupirira kuti magazini yakale ndi chitsulo chakufa angathe kutaya moyo wache kapena wa mwana wache.

Mmene Magazini Imagwirira Nchito

Magazini ndi chipangizo chosabvuta kumvetsa. Ili ndi bokosi lachitsulo kapena lapulasitiki, kampando kamene zipolopolo zimatsamirapo, sipuling'i yaitali pansi pa kampandoko, ndi chitseko cha kunsi. Kukamwa kwa bokosilo kuli milomo iwiri yopindikira m'kati, imene imagwira chipolopolo chapamwamba kuti chisalumphe. Munthu akamalonga zipolopolo, sipuling'i imafinyika; mfuti ikamalira, sipuling'iyo imakankhira chipolopolo chotsatira m'mwamba kuti mfuti ichitenge. Mu mfuti zodzilonga zokha nchito imeneyi iyenera kuchitika m'kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Tsono sipuling'i ikakhala yofooka, chipolopolo chimachedwa kukwera, makamaka zotsiriza, ndipo mfuti imakana.

Amene anatchukitsa magazini yochotseka anali James Paris Lee, amene analembetsa nzeru yacheyo m'chaka cha 1879. Dzina lache ndilo lili pa mfuti ya Lee-Enfield, yolowa zipolopolo 10, imene asilikari a dziko lino ananyamula pa nkhondo ziwiri zazikulu za dziko lonse. Pamene linga la Fort Lister linamangidwa m'chaka cha 1893 pa mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Mchese, m'dera limene tsopano lili m'boma la Phalombe, mfuti zambiri za m'dziko muno zinalibe magazini. Ankhondo a mafumu Achiyao monga Matipwiri ndi Mkanda anadalira kwambiri gogodera, yothira onga ndi chipolopolo kukamwa, ndipo asilikari a Boma la Atsamunda anali ndi mfuti zolowa chipolopolo chimodzi chimodzi. Magazini inafika pambuyo, ndipo inapeza anthu ali kale ndi maganizo ao pa za kasungidwe ka zida.

Kumene Mantha Anachokera

Maganizo amenewo sanali opusa iai. Mlenje ali yense wakale anadziwa kuti uta sausunga wokunga. Akabwera ku uzimba amamasula nsinga, pakuti mtengo ukakhalitsa wopindika umazolowera kupindikako, ndipo muvi suulukanso patali. Mnyamata wa legeni adziwanso kuti mphira ikakhala yokokedwa pa dzuwa imasweka. Mwini gogodera naye anadziwa kuti mfuti yache ikagona masiku ambiri ndi onga m'mimba, makamaka nyengo ya dzinja, ongawo umayamwa chinyontho ndipo suyaka. Zinthu zitatu zonsezi nzoona. Kotero pamene anthu anaona chitsulo chofinyidwa m'bokosi usana ndi usiku, kunali kwapafupi kuganiza kuti nachonso chifuna kupuma monga uta.

Ndiponso asilikari obwera ku nkhondo ya ku Burma m'chaka cha 1945, ndi ena amene anakamenya ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, anabwera ndi mwambo wina umene unalimbikitsa manthawo. Magazini ya mfuti ya Bren inapangidwa yolowa zipolopolo 30, koma asilikari anaphunzitsidwa kulongamo 28. Ya Sten inali ya 32, koma nayonso sanali kuidzaza. Asilikari a ku America pa nkhondo ya ku Vietnam analonga 18 m'magazini ya 20 ya mfuti ya M16. Mwambo umenewu unali ndi zifukwa zache. Magazini yodzaza kufikira pakamwa imathina, chipolopolo choyamba chimabvuta kutuluka, ndipo pa mfuti zina magaziniyo imabvuta kuilowetsa bwino. Zipolopolo za .303 zilinso ndi mkombero wotuluka kumbuyo, umene umakolana ndi unzache zikapanikizana. Lamulolo tsono linali lochenjeza za kudzaza kopitirira. Koma popita nthawi, m'kamwa mwa anthu linasanduka chiphunzitso chakuti magazini yodzaza imafa ndi kukhalitsa.

Zimene Akatswiri a Zitsulo Anapeza

Chitsulo cha sipuling'i sichifanana ndi mtengo kapena mphira. M'chaka cha 1678 Robert Hooke wa ku England anafalitsa lamulo limene ana a sekondale amaphunzira mpaka lero, lakuti sipuling'i imatalika kapena kufupika molingana ndi mphamvu imene yaikidwapo, ndipo mphamvuyo ikachotsedwa imabwerera pakale. Lamuloli lili ndi malire. Chitsulo chikakokedwa kapena kufinyidwa kupitirira muyeso wache, chimapindikiratu ndipo sichibwereranso. Koma pansi pa muyesowo, ndi pa kutentha kwa masiku onse, chitsulo chabwino chingathe kusenza katundu zaka zambiri mphamvu yache osachepa kwenikweni.

Umboni wache uli ponseponse m'boma la Mulanje. Sikelo yopachika imene amayezera masamba a tiyi m'minda imagwira nchito ndi sipuling'i. Ikanama, kawirikawiri chifukwa chache nchakuti wina anapachikapo katundu woposa muyeso, kapena dzimbiri linailowa. Lole yoima pa bwalo la fakitale ikhala pa masipuling'i ache usana ndi usiku, ndipo palibe makaniko amene amaikweza pa jeke madzulo kuti masipuling'iwo agone. M'kati mwa injini yozima, masipuling'i ena a mavalavu amakhala ofinyika kufikira tsiku limene injiniyo idzalizidwanso, ngakhale patapita chaka. Opanga magazini nao amayeza waya wao kuti pamene zipolopolo zonse zalowa, sipuling'i ikhale isanafike pa malire ache.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kuonjezapo kuti yankho likhale lokwanira. Choyamba, sipuling'i yatsopano ikafinyidwa koyamba imafupikako pang'ono, ndipo kufupikako kumachitika masiku oyamba, kenaka kumachepa mpaka kukhala ngati kwaleka. Munthu woyerekeza sipuling'i yogwira nchito ndi yatsopano adzaona kusiyana kumeneku, koma si chizindikiro cha kufa. Wopanga wabwino amakuwerengera kale. Amene amabvuta ndi mamagazini a waya wachabechabe, ndi ena amene anapanikizamo zipolopolo zambiri m'bokosi laling'ono, pakuti m'menemo sipuling'i imakhala pafupi ndi malire ache ndipo ingathe kufookadi. Chachiwiri, moto ndi mdani. Waya wa sipuling'i umayamba kutaya mphamvu msanga ukatenthedwa kupitirira kutentha kwa madzi owira, ndiwo madigiri 100. Dzuwa la mwezi wa Okutobala silifika pamenepo, koma magazini imene inapsa m'nyumba kapena m'moto wa tchire siyeneranso kukhulupiridwa, ngakhale ioneke yabwino kunja.

Chimene Chimatopetsa Chitsulo

Ngati kukhalitsa ndi katundu sikutopetsa chitsulo, nanga chimatopa ndi chiani? Yankho linapezeka pa njanji. M'chaka cha 1842 sitima ya pamtunda inachita ngozi pakati pa Versailles ndi Paris, ndipo anthu oposa 50 anafa chifukwa mtanda wa magudumu unathyoka. Mitanda yotere inali kuthyoka ngakhale katundu wache anali wochepa kuposa amene inayesedwa nao. August Wöhler, katswiri wa njanji za ku Germany, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri kufikira 1870, napeza kuti chimene chimathyola chitsulo ndi kupindika ndi kuongoka kobwerezabwereza. Ulendo uli wonse umakuzako pang'ono kamng'alu kosaoneka ndi maso, mpaka tsiku lina chitsulo chiduka mwadzidzidzi. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Mng'alu nao umatha chitsulo motero. Ndege ziwiri za Comet zimene zinasweka m'mlengalenga m'chaka cha 1954 zinaonongeka ndi nthenda yomweyi.

Mwana ali yense wopanga galimoto ya mawaya adziwa kale phunziro limeneli. Alibe chodulira, koma amapinda waya uku ndi uku mpaka uduka. Akanaupinda kamodzi ndi kuusiya chaka chonse, sukanaduka. Chomwecho mwa anthu awiri aja otsutsana, amene ali pafupi ndi choonadi ndi uja wonena kuti kulonga ndi kukhuthula ndiko kumadya moyo wa sipuling'i. Wokhuthula magazini madzulo ali onse poganiza kuti akuipumitsa akuigwiritsa nchito koposa mnzache amene waisiya yodzaza.

Komabe nkhaniyi siyenera kukuzidwa kupitirira msinkhu wache. Injini yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi imafinya sipuling'i ya valavu maulendo 1,500 pa mphindi, ndiwo 90,000 pa ora limodzi, ndipo sipuling'iyo imatha zaka. Magazini yokhuthulidwa kamodzi pa tsiku imafinyidwa maulendo 365 pa chaka, ndiwo 3,650 pa zaka 10. Nzoona kuti waya wa magazini ngwaung'ono ndipo umafinyika kwambiri pa ulendo uli wonse, kotero sungapirire monga wa injini. Koma chiwerengerochi chionetsa kuti mlonda wokhuthula tsiku ndi tsiku sakuononga katundu wa Boma msanga monga ena amaopera. Ngati malamulo a nchito yache anena kuti abweze mfuti yopanda zipolopolo potsiriza ulonda, achite chomwecho ndi mtima wokhazikika. Lamulo limenelo linaikidwa chifukwa cha anthu ndi kawerengedwe ka zipolopolo, ndipo zifukwa zimenezo nzazikulu kuposa mtengo wa waya.

Mdani Weniweni ku Mulanje

Chimene woyang'anira zida ku Mulanje ayenera kuopa koposa zonse ndi madzi. Bomali ndi limodzi mwa madera a mvula yambiri m'Malawi. Phiri, limene nsonga yache ya Sapitwa ifika mamita 3,002, limaimitsa mphepo zachinyontho zochokera ku nyanja ya mchere, ndipo mbali ya kumwera malo ena amalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pa chaka. Ndicho chifukwa chache tiyi anakula bwino kumeneko kuyambira pamene Henry Brown anamubzala ku Thornwood m'chaka cha 1891. Ngakhale nyengo ya chisanu, pamene madera ena auma, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Nyengo imene ikondweretsa tiyi ndi yomweyo imene imadya chitsulo.

Dzimbiri silichita kudya waya wonse kuti liuononge. Kadontho kamodzi kakakumba kadzenje pa waya, mphamvu yonse ya kufinyika imasonkhana pa kadzenjeko, ndipo mng'alu wa Wöhler uja umayambira pomwepo. Sipuling'i imene ikanatha zaka makumi angapo ingathe kuduka m'zaka zochepa. Choopsa nchakuti zonsezi zimachitika m'kati mwa bokosi, mosaoneka. Magazini imene inabvumbwa paulonda wa m'phiri, nipukutidwa kunja kokha, imasunga madzi pansi pomwe pali sipuling'i. Zipolopolo nazo zimachita ndere yobiriwira kapena dzimbiri, ndipo zimamatirira ku makoma a bokosi.

Mdani wachiwiri ndi kugwa. Milomo ya magazini ikapindika pang'ono chifukwa cha kugwera pa simenti kapena pa mwala, chipolopolo chimatuluka mokhota ndipo mfuti imakana, ngakhale sipuling'i ikhale yatsopano. Akonzi a mfuti adziwa kuti mamagazini ambiri amene amanamiziridwa kufooka kwa sipuling'i amakhala ndi milomo yopindika kapena makoma ophwanyika. Apa mpamene kukhalitsa ndi zipolopolo kungakhale ndi mlandu pang'ono: pa mamagazini ena a chitsulo chopepuka kapena pulasitiki yosalimba, kukankha kosalekeza kwa sipuling'i kumatanula milomo pakapita nthawi. Mdani wachitatu ndi fumbi losakanikirana ndi mafuta. Wothira mafuta ambiri m'magazini poopa dzimbiri akuitana mchenga, ndipo mafuta ena amalowa m'chipolopolo ndi kupha moto wache.

Zoyenera Woyang'anira Zida

Pa zonsezi mungathe kutuluka malangizo ochepa amene safuna ndalama zambiri. Magazini ili yonse ikhale ndi nambala yache ndi mzere wache m'buku, monga momwe kalaliki amalembera mipando ndi makabati a mu ofesi, kuti yobvuta idziwike ndi kuchotsedwa m'malo mosakanizidwanso ndi zinzache. Pa nthawi zoikika, makamaka mvula isanayambe ndi itatha, mamagazini akhuthulidwe, amasulidwe ndi munthu wophunzitsidwa, apukutidwe ndi kuyanikidwa. Cholinga cha kukhuthulako ndi kuona za m'kati. Imene yanyowa isadikire tsiku loikika. Sipuling'i yadzimbiri, yopotoka, kapena yofupika kwambiri poyerekeza ndi zinzache, ichotsedwe. Kuikoka ndi manja kuti italike nkunyenga maso chabe, pakuti kukokako kumaipitiriza malire ache ndipo imafooka koposa kale. Zipolopolo zisapitirire chiwerengero chimene wopanga analemba. Nyumba yosungiramo zida ikhale ya denga losadontha ndi yopita mphepo, ndipo mabokosi asakhale pansi pa simenti.

Zipolopolo zenizenizo zifunanso diso. Zosungidwa pouma m'zitini zomata zimatha zaka zambiri, koma onga umaonongeka ndi kutentha ndi ukalamba. Pa 22 Marichi 2007 nkhokwe ya zida zakale ku Malhazine, m'mzinda wa Maputo, inaphulika nipha anthu pafupifupi 100. Zofanana nazo zinachitika ku Dar es Salaam m'chaka cha 2009 ndiponso 2011. Ngozi zimenezi zinali za mabomba ndi zida zazikulu, koma phunziro lache likhudza nkhokwe ili yonse, yaikulu kapena yaing'ono: chimene chasungidwa chiyenera kuyenderedwa.

Mfuti za m'Nthaka

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ndiyo yofunika koposa kwa anthu a m'midzi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inayamba m'chaka cha 1977 ndi kutha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Tauni ya Milange, imene ili tsidya lina la Muloza, inagwa m'manja mwa RENAMO m'chaka cha 1986, ndipo anthu zikwizikwi anaoloka malire kudzabisala ku Mulanje. Pofika kumapeto kwa nkhondoyo dziko la Malawi linali kusunga othawa kwao oposa 1,000,000. Mfuti ya nkhondo imeneyo inali AK-47 ya Mikhail Kalashnikov, imene magazini yache yokhota imalowa zipolopolo 30, ndipo chithunzi chache chili pa mbendera ya Mozambique. Panalinso G3, yolowa 20, imene asilikari a Chipwitikizi anasiya. Nkhondo itatha, ankhondo ambiri sanapereke zida zao zonse. Anazikulunga, nazikwirira m'nthaka kapena kuzibisa m'mapanga. M'dziko muno namonso, pamene asilikari analanda zida za Malawi Young Pioneers m'mwezi wa Disembala 1993, ena a gululo anathawira ku Mozambique.

Nchito yofukula zida zimenezi inatenga zaka. Kuyambira 1995 apolisi a South Africa ndi Mozambique anagwirizana pa nchito yochedwa Operation Rachel, yofunafuna ndi kuphwanya nkhokwe zobisika. Chaka chomwecho Bungwe la Mipingo ya Chikristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Zina mwa mfuti zodulidwazo amisiri anaziumba kukhala mpando ndi mtengo, zimene zinakaonetsedwa ku British Museum ku London. M'chaka cha 2001 maiko a SADC anasaina pangano loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo. Koma palibe kaundula amene analemba dzenje liri lonse, ndipo malire a m'chigawo chino ndi mitsinje yooloka ndi miyendo, monga Muloza ndi Ruo. Madzi osefukira ndi kugumuka kwa nthaka, monga zinachitika ndi napolo wa ku Phalombe m'chaka cha 1991 ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, zimasuntha nthaka ndi zonse zili m'menemo.

Apa mpamene yankho la funso lija likhala chenjezo. Zaka zoposa 30 zapita chitheretu nkhondoyo, ndipo munthu angaganize kuti sipuling'i yofinyika nthawi yonseyo inafa kalekale. Nzeru za zitsulo zikana ganizo limenelo. Magazini ya AK-47 inapangidwa ndi chitsulo chochindikala ndi waya wolimba, ndipo ngati inakulungidwa bwino ndi mafuta ndi pulasitiki, ingathe kugwira nchito lero monga tsiku limene inakwiriridwa. Ngati inalowa madzi, ngozi yache siichepa, ingosintha mtundu. Mfuti yadzimbiri ingathe kulira yokha poigwedeza kapena kuphulikira m'manja, ndipo ngakhale magazini itachotsedwa, chipolopolo chimodzi chingathe kutsala m'mimba mwa mfuti. Chipolopolo chakale choponyedwa pa moto kapena chomenyedwa ndi nyundo chimaphulika. M'maenje otere mumakhalanso mabomba a m'manja, amene ukalamba umawachititsa kukhala osachedwa kuphulika.

Udindo wa Aphunzitsi ndi Anchito a Boma

Lamulo la mfuti la dziko lino, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, linena kuti wosunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo wapalamula mlandu. Wopeza chida m'munda kapena m'phanga asachitole, asachinyamule ngakhale ndi cholinga chabwino chokachipereka. Aike chizindikiro patali, aletse ana ndi ziweto kufikako, ndipo auze nyakwawa ndi apolisi tsiku lomwelo. Ogula zitsulo zakale, amene ana amawatolera zitsulo m'midzi, ayenera kukana chili chonse chooneka ngati chida cha nkhondo ndi kukanena kumene chachokera.

Aphunzitsi ali ndi mwayi umene wina ali yense alibe, pakuti lamulo la Hooke lili kale m'maphunziro a sayansi. Mphunzitsi wopachika miyala pa sipuling'i kuti ana ayeze kutalika kwache angathe kusiya mwala umodzi wopachika kufikira kumapeto kwa teremu, kuti anawo adzionere okha kuti sipuling'iyo yabwerera pakale. Angathe kuwapatsa waya kuti aupinde mpaka uduke, ndi kuika waya wina m'madzi kuti aone nchito ya dzimbiri. Atatero, mau amodzi okha akwanira: chitsulo cha m'magazini yokwiriridwa nchamoyo monga ichi. Mwana womvetsa chifukwa chache amasunga chenjezo nthawi yaitali kuposa mwana wongoopsezedwa, ndipo amakalifikitsa kwa makolo ache. Alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zankhalango, amene amayenda m'midzi ya m'malire, angathe kunena zomwezo pa misonkhano yao.

Otsala ndi iwo amene ali ndi mfuti za chilolezo m'nyumba zao, monga alimi ena ndi eni malonda. Kwa iwo yankho la akatswiri lingaoneke ngati chilolezo chosiya mfuti yodzaza pansi pa bedi, popeza sipuling'i siionongeka. Kumeneko nkumva mbali imodzi yokha. Nyumba ya banja si polisi. Mulibe buku, mulibe mlonda wa pakhomo, koma muli ana, alendo, ndipo nthawi zina muli mowa ndi mkangano. Mfuti ikhale yopanda zipolopolo ndi yotsekeredwa, zipolopolo zikhale potsekedwa pena, ndipo makiyi akhale ndi mwini yekha. Sipuling'i ikafooka imagulidwa ina pa mtengo wochepa, koma madzi akatayika saoleka.

Chomwecho funso lakale lija layankhidwa. Magazini yabwino, yosadzazidwa mopitirira, yosungidwa pouma, siifa ndi kukhalitsa ndi zipolopolo. Imatha pang'onopang'ono ndi nchito, imafa msanga ndi dzimbiri, ndi kugwa ndi moto. Wosunga zida za Boma ku Mulanje ayang'ane denga la nkhokwe yache mvula isanagwe, ndipo mlimi wa ku Muloza amene khasu lache lagunda chitsulo chokhota alisiye pomwepo ndi kukaitana apolisi.